Mutu 6: Duwa la pa Mfuti ya Agogo

1. Mchira wa malaya

Kumsasa wa alenje wa banja la a Hulick, kuno kumapiri a kumpoto kwa Pennsylvania, kuli khoma limodzi limene munthu wamanyazi sakonda kuliyang'ana. Pakhomapo pali tinsanza tambirimbiri tokhomedwa ndi misomali. Kansanza kalikonse ndi mchira wa malaya a munthu amene anawombera gwape n'kumuphonya.

Mwambowu ndi wakale. Ukaphonya, anzako amakugwira mukabwerako kutchire, amadula mchira wa malaya ako, n'kuukhoma pakhoma, pansi pake n'kulembapo dzina lako. Amuna akuluakulu amangoseka, poti palibe mlenje weniweni amene dzina lake palibe pamenepo.

Lorna Hulick yekha ndiye sanaseke.

Lorna anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu. Chaka chimenecho kanali koyamba kulowa m'nkhalango popanda agogo ake a Harlan, amene anamwalira n'kumusiyira mfuti yawo. Gwape wanyanga zake anatulukira pafupi, moti ngakhale mwala ukanamupeza. Lorna anatsinzina n'kuwombera. Chipolopolo chinakasenda khungwa la mtengo, gwape n'kumapita akugwedeza mchira.

A Stamm, nkhalamba yophika pamsasapo, ndiwo anabwera ndi sizasi.

"Usagwe nazo mphwayi, mwana wa Hulick," anatero akudula. "Agogo ako ali ndi michira itatu pakhomapa. Ndinawadula ndine ndemwe."

Koma panalinso Brent, msuweni wake wa Lorna, mnyamata wa zaka makumi awiri. Brent anali mlenje wa mtundu uja wosaka ndi pakamwa. Bambo ake anamugulira mfuti yatsopano, yoyera mbee ngati supuni, ya galasi loonera patali pamwamba pake. Agwape onse amene Brent anapha anawaphera patebulo, nthawi ya chakudya.

"Suweni, vuto si iwe ayi," anatero Brent. "Vuto ndi khasu wanyamulalo. Chimenecho n'chokumbira mbatata. Galasi chilibe, kukongola chilibe. Tsobola wakale sawawa, aise."

Mawu opusa amakoma kwa munthu amene akufuna pothawira. Lorna anawalandira ndi manja awiri. Kuyambira tsiku limenelo, amene anaphonya gwape sanalinso iye. Inali mfuti.

2. Chenjezo la a Merle

Chaka chinazungulira. Kuno nyengo yosaka imatsegulidwa Lolemba lotsatira chikondwerero cha Kuthokoza, ndipo tsikulo ngakhale sukulu zimatseka. Brent anauza Lorna kuti Loweruka ndi Lamulungu kudzakhala msika wa mfuti kuholo ya ozimitsa moto.

"Ukasinthitse khasu lakolo," anamunong'oneza. "Kumabwera anthu ogula zinyalala zakale."

Lachinayi, tsiku la chikondwererolo, banja lonse linasonkhana kudya nkhukundembo. Anabweranso a Merle, mng'ono wawo wa malemu a Harlan. Maso awo anali atayamba kuchita ng'ala, moti munthu ankamuzindikira ndi mawu. Atatha kudya anaitana Lorna.

"Mdzukulu wanga, kanditengere mfuti ya mkulu wanga ndiipatse moni."

Lorna anakaitenga monyinyirika. Kunena zoona, sinali yokopa maso. Chitsulo chake chinali chakuda, thabwa lake lalifupi, ndipo pamalo pogunditsa tsaya panali pothimbirira ndi thukuta la zaka zambiri. Inali ija ya mpiringidzo, yomwe ukawombera umakoka kachitsulo ndi dzanja kuti chipolopolo china chilowe.

A Merle anayamba akoka mpiringidzowo n'kupisa chala m'kati kuti atsimikize kuti mulibe kanthu. Kenako anaigoneka pamaondo.

"Khala apa umve," anatero. "Anthu adzakuuza zambiri za mfutiyi, koma umve kwa ine amene ndinalipo. Iyi si ya kuno. Ndi ya asilikali a ku Japan. Harlan anabwera nayo kuchokera kuzilumba, kunkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Inali yaitali, thabwa lake linkafika mpaka pafupi ndi kukamwa kwa mpope. M'chikwama cha usilikali sinkakwanamo, ndiye analicheka ndi sowo kuti ilowe.

"Atafika kuno anapeza bambo athu atagona ndi chifuwa cha m'migodi ya malasha. M'nyumba ana mbwee, nyama kulibe. Mfuti ya m'sitolo akanaigula ndi chiyani? Ndiye anafupikitsa mpopewu kuti usamakole m'zitsamba. Thabwali analisema mpaka linagwirizana ndi tsaya lake. Chogwirira cha mpiringidzochi anachipinda pamoto. Mfuti ya nkhondo inasanduka mfuti yosakira ndiwo. Ine ndinakula ndi nyama yake. Bambo ako anakula ndi nyama yake. Iwenso m'mafupa akomo ilimo."

Anafufuza dzanja la Lorna n'kuika chala chake pamwamba pa chitsulo, patsogolo pa mpiringidzo.

"Ukumva chiyani apa?"

"Kaduwa, agogo."

"Kaduwa. Uwerenge timasamba take, tikufanana ndi zaka zako. Chimenechi ndi chidindo cha mfumu yawo. Nkhondo itatha, mfuti zambiri eni ake asanazipereke anazikwecha duwali, kuti chidindo cha mfumu chisagwidwe ndi adani. N'chifukwa chake ya duwa lathunthu sipezekapezeka. Harlan anadula uku, anasema uku, koma apa sanakhudzepo. Anzake ankamuuza kuti aboole pomwepa amangepo galasi, iye anakana. Ankati, 'Duwali si langa. Ndi la mwana wa eni amene sanabwerere kwawo.' Za mmene anaipezera mfutiyi sanandiuze mpaka kumanda, ndipo ine sindinafunse. Ndinkangomuona chaka chilichonse akulipaka mafuta ndi chala chachikulu.

"Tsono chenjezo langa ndi ili. Chitsulo chakale sachisambitsa. Kuda ukuonaku si litsiro, ndi khungu lake. Ukaona kadzimbiri, kansalu ndi dontho la mafuta, basi. Pepala lokwechera, tupa, makina, usayerekeze n'komwe. Chitsulo si tsitsi loti ukameta limeranso. Chachiwiri, munthu akamakuuza mtengo wa chinthu chako, uyambe waona ngati akuchifuna. Wogula ng'ombe saiyamikira kunenepa. Wamva?"

"Ndamva, agogo."

Anamvadi. Koma m'mawu onsewo Lorna anatolamo kambewu kamodzi, ngati nkhuku padzala: *ya duwa lathunthu sipezekapezeka.* Za njala, za mwana wa eni, za kansalu ndi mafuta, zonsezo zinangodutsa. M'mutu mwake munali mutawala kale mfuti yoyera ngati ya Brent.

3. M'galaja

Lachisanu masana amayi ake ali kuntchito, Lorna analowa m'galaja ndi mfuti ija. Nzeru zake zinali zachidule. Anthu amagula chowala. Ngati mfutiyi ili ndi mtengo ili yakuda chonchi, nanga ikawala?

Anayamba ndi thabwa. Analikwecha mpaka pothimbirira paja, pamene tsaya la agogo ake linkagona kwa zaka makumi, panayera ngati bokosi latsopano. Kenako analipaka vanishi wotsala pa mpando wa pakhonde. Anabwerera m'mbuyo n'kudziyamikira.

Ndiye anaona kadzimbiri. Kanali kakang'ono, kosaposa njere ya mpunga, pambali penipeni pa duwa. Dontho la mafuta likanakwana. Koma Lorna analibe nthawi ya madontho. Pakona panali makina amagetsi onolera nkhwangwa. Anawayatsa.

Amati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Lorna anagunditsa chitsulo pamwala wozungulirawo, mwala unaluma, mfuti inatsetsereka m'manja. Kunathetheka moto.

Atachotsa, kadzimbiri kanali katapita. Theka la duwa linali litapita nako.

Apa munthu wanzeru akanazimitsa makina n'kupita kukagwada kwa a Merle. Koma chitsiru chikalakwitsa chimafuna kukonza ndi chida chomwecho. Lorna anaganiza zosalaza m'mphepete kuti chilonda chisaoneke. Anagunditsanso, n'kugunditsanso.

Pamene ankazimitsa makina, pamalo pa duwa panali chipsera choyera, chonyezimira. M'mbali mwake munatsala timasamba titatu tokha.

Anaikulunga mfutiyo m'bulangeti msangamsanga. Anadziuza kuti mwina wogula sakayang'ana pamenepo.

4. Patebulo la a Pickett

Loweruka holo ya ozimitsa moto inadzaza. Amuna a zipewa za alenje za mtundu wa lalanje ankayenda pakati pa matebulo manja ali kumbuyo, ngati ali m'tchalitchi. Munkanunkhira mafuta a mfuti ndi soseji yokazinga. Pafupi ndi khomo a Stamm ankagulitsa khofi wothandizira ozimitsa moto, ndipo anakweza dzanja atamuona Lorna. Iye anayang'ana kumbali.

Brent anamutsogolera ku tebulo loyandikana ndi la khofilo. Mwini wake anali a Pickett, wamalonda woyendayenda wochokera kutali, wamimba yotsamira patebulo ndi kamtengo kotokosera mano pakamwa. Anali munthu woti ukamupatsa moni amayamba wauyeza kulemera.

"Bambo, tabwera ndi chuma," anatero Brent.

"Aliyense amabwera ndi chuma," anayankha a Pickett. "Kuchoka amachoka ndi chinachake. Tavundukula, mtsikana iwe."

Lorna anafunyulula bulangeti. Ubweya wake unali utamatirira pa vanishi.

Tisawanamizire, a Pickett ntchito yawo ankaidziwa. Anakoka mpiringidzo, anausolola wonse, n'kuloza mpope ku getsi la kudenga, diso limodzi atatsinzina.

"Ya ku Japan," anatero. "Ya kumayambiriro kwa nkhondo, akadali ndi nthawi yopanga zinthu mosamala. Taona mmene m'katimu mukuwalira. Za kumapeto zinkangokhomedwa ngati zitini." Anatulutsa kagalasi kokuzira zinthu n'kuwerama. "Nambala ya pampiringidzo ikugwirizana ndi ya pathupi. Ndiye kuti palibe anasinthapo. Zabwino. Tsono tiyambe kulira maliro."

Anthu awiri atatu anaima kuti amve. A Pickett akaona anthu, mawu ankakwera okha.

"Mfuti ngati iyi ikakhala yathunthu, mmene inachokera m'manja mwa msilikali, osonkhanitsa zakale amaimenyanirana. Ndiye panabwera mmisiri wa kukhitchini ndi sowo wake. Wadula thabwa, wadula mpope, wapinda chogwirira. Theka la mtengo linathera pamenepo. Koma sindidandaula, za choncho zilipo zambirimbiri, ndipo ikakhala ndi duwa lake pamapezekabe woifuna." Anatembenuza mfutiyo. "Tione duwa."

Kamtengo ka pakamwa kaja kanaleka kugwedezeka.

"Mayo ine. Ichi n'chiyani?"

Lorna anayang'ana nsapato zake.

"Izi si za nthawi ya nkhondo," anapitiriza a Pickett. "Zipsera za nthawi imeneyo zinada kalekale. Apa panali duwa lathunthu, wina n'kuliika pa chonolera nkhwangwa. Wa sowo uja anadya theka la mtengo, uyu wamaliza mbale n'kunyambita. Ndani wachita nkhanza zimenezi?"

Funso linali losavuta. Yankho lake linali liwu limodzi lokha. Anthu anali atachuluka, Brent anali pambali akusekerera, ndipo Lorna anaona khoma la michira lija likumubwerera. Anasankha.

"Agogo anga," anatero. "Asanamwalire. Mutu unali utayamba kuwasokonekera."

Linali bodza lonyansa, chifukwa a Harlan anamwalira ndi nzeru zawo zonse. Koma wakufa sayankha, ndipo Lorna anadalira zimenezo.

A Pickett anayang'ana zala zawo zomata vanishi wosauma. Anayang'ana mtsikanayo. Anamwetulira. Ankadziwa bwinobwino, koma bodza lotsitsa mtengo wogula salitsutsa.

"Abale, bwerani mudzaone!" anaitana akukweza mfutiyo m'mwamba. "Madala ena a kumapiri kuno! Kumupatsa chinthu chamtengo, iye aona chikwanje. Kudula ali mnyamata, kukwecha ali nkhalamba. Akanakhala ndi zaka zina khumi bwenzi ataisandutsa ndodo yoyendera. Dzina lawo anali ndani mmisiri ameneyu?"

"Harlan Hulick," anayankha Brent monyadira, ngati wafunsidwa m'kalasi.

"Ambuye awakhululukire a Harlan Hulick, poti ine sinditha!"

Anthu anaseka. Brent anaseka mpaka kugwira tebulo. Ndipo Lorna, amene agogo akewo ankamunyamula paphewa kuwoloka naye mtsinje, anasekanso. Kunali kuseka kopyapyala, koma kunamveka.

Patebulo la khofi, a Stamm anali ataleka kuthira. Kapu inali m'dzanja, yosadzaza.

"Ndiye ndi zingati?" anafunsa Lorna.

"Zingati? Mwana iwe, ichi tsopano ndi chitsulo cha pa sikelo. Ndikangochotsamo mpiringidzo ndi tizitsulo tam'kati, ndigulitse pachokhapachokha kwa okonza mfuti. Chotsalacho ndikachita chotsekerera chitseko. Koma poti ndine munthu wachifundo, taona iyi."

Anatola mfuti ina patebulo. Inali yoyera mbee, thabwa lake la pulasitiki, galasi lili pamwamba.

"Usiye chitsulo chakochi, uwonjezere kangachepe, upite ndi mfuti ya munthu."

Kangachepe ka a Pickett kanameza zonse zimene Lorna anasunga pogulitsa ayisikilimu tchuthi chonse. Poti iye anali wamng'ono, Brent ndiye analemba dzina pamapepala. A Pickett anaponya mfuti ya a Harlan pansi pa tebulo, pamulu wa zitsulo zina. Inalira *gwengwelele*.

"Mukafuna china mundipeze mawa holo isanatseke," anatero. "Dzuwa likamalowa ndikhala ndili pamsewu. Kuno ndidzabweranso chaka chamawa, ngati kudzakhale kutatsala madala ena a sowo."

M'galimoto Lorna anatsegula bokosi n'kusisita mfuti yake yatsopano. Galasi lija linkagwedera akalikhudza. Brent anati zimenezo n'zazing'ono. Za chikomekome cha mkuyu panalibe amene ankafuna kumva.

5. Kachitini ka mafuta

Lamulungu atabwerako kutchalitchi, amayi ake a Lorna anabwera ndi mlendo m'galimoto. Anali a Merle. Analowa m'khitchini akugwira khoma, anakhala pampando, chipewa osavula. Nkhope yawo inali yofiira.

"Lorna ali pano?"

"Ndili pano, agogo."

"Sendera kuno. Lero ndayambana ndi munthu pakhomo pa tchalitchi, ine nkhalamba yonseyi. Stamm. Mnzanga wa zaka makumi asanu."

Lorna anagwira msana wa mpando.

"Wandikokera pambali, akuti, 'Merle, dzulo kuholo dzina la mkulu wako alipondaponda. Akuti anapenga asanamwalire, n'kukwecha duwa la pamfuti yake. Ndipo wanena zimenezo ndi mdzukulu wake.' Ndinati ubwerezenso. Anabwereza. Ndinamuuza kuti, 'Stamm, makutu ako akalamba kuposa maso anga. Lachinayi lomweli duwa limenelo ndaligwira ndi chala changa, lathunthu. Ndipo mwana amene uja Harlan anamusankha yekha. Anadumpha ana ake, anadumpha Brent, n'kunena kuti mfuti ipite kwa Lorna chifukwa ndi yekhayo amene amatha kukhala chete m'nkhalango. Mwana ameneyo sanganamizire wakufa.' Ndamutchula wabodza pamaso pa anthu."

"Musadzipweteke mtima, bambo," anatero amayi ake a Lorna akuthira khofi. "A Stamm anangomva molakwika. Si choncho, Lorna?"

Lorna anatsegula pakamwa, koma a Merle anali asanamalize.

"Usayankhe n'komwe, mdzukulu wanga. Mabodza sitiyankha ndi pakamwa. Mawa kumsasa mfutiyo ndikaiika patebulo pamaso pa onse, Stamm akawerenge timasamba yekha, kenako akapepese."

Anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kachitini kakang'ono ka mafuta, kopindikapindika. Lorna anakazindikira. Kanali ka a Harlan.

"Palinso china chimene ndikufuna kukupempha," anatero, mawu atatsika. "Adokotala akuti chaka chamawa sindidzaonanso ngakhale khomo. Uwu ndi ulendo wanga womaliza kunkhalango. Gwape sindingamuone, ndipo sindikamufuna. Ndikungofuna ukandikhazike pansi pa mtengo uja ankakhala mkulu wanga, mfuti yake ili pamaondo panga, yopanda chipolopolo. Ndikakhale naye m'mawa umodzi. Dzuwa likakwera ndikakubwezera, ukaphe gwape wako. Ukundibwereka?"

Panja dzuwa linali litapendeka kale, likulunjika kuphiri la kuseri kwa holo ya ozimitsa moto.

"Lorna," anatero amayi ake, "agogo akufunsa."

"Eya, agogo," anayankha Lorna. Mawuwo anatuluka okha.

"Ndinadziwa. Kaitenge tsono, ndiipake mafuta."

Lorna anayenda kupita kuchipinda kwake. Anagwada n'kukoka bokosi pansi pa bedi. Mfuti yatsopano inali gone m'menemo, yoyera, yosalala, yopanda chidindo cha munthu aliyense. Anayendetsa chala pamwamba pake, patsogolo pa mpiringidzo. Panalibe chilichonse choti chala n'kumva.

Kukhitchini kunamveka kachitini kakutsegulidwa. A Merle anali atadonthezera kale mafuta pa chala chachikulu, dzanja atalitambasula cha kukhomo.

"Fulumira, mdzukulu wanga," anaitana. "Mafuta akuyenderera."